Nsomba za m'malo odyera atsopano muno mu Harare: kodi n'zoyenera mtengo wake?

WaKuMabvuku
Akuluakulu ndi abale nonse a pagulu lino, ndikupempha kuti mundithandize nzeru. M'zaka zapitazi malo odyera nsomba za m'nyanja yamchere achuluka kumpoto kwa mzinda, makamaka cha ku Borrowdale, Avondale ndi Newlands, ndipo ana athu sakutha kuwatamanda pa Facebook. Bungwe lathu lothandizana pa maliro likufuna kukonza chakudya chothokoza akuluakulu amene atumikira m'komiti, ndipo tagawanika pawiri. Achinyamata akuti tipite nawo kumalo atsopanowo kuti akalaweko ma prawns ndi kalamari, pomwe achikulire akuti tingopita kwa mayi wina wa kwathu kuno amene amakazinga nsomba ya m'madzi opanda mchere yotchedwa bream ndi kuphika nsima yolimba bwino. Harare ili kutali ndi nyanja yamchere, choncho ndikufuna kudziwa kumene nsombazo zimachokera, mmene zimafikira kuno, komanso ngati ndalama zambiri zimene munthu amalipira zimakhala za nsomba kapena za mipando ndi nyali zokongola.

Dalaivala_wa_Beira
Achimwene a ku Mabvuku, funso la mtunda ndingaliyankhe chifukwa msewuwo ndi umene ndimadyerapo. Kuchokera ku Beira kufika muno ndi makilomita pafupifupi 560, kudzera ku Dondo, Inchope, Chimoio, chipata cha Machipanda ndi Forbes, kenako Mutare, Rusape ndi Marondera. Galimoto yaing'ono ikhoza kuyenda ulendowu tsiku limodzi, koma thiraki ya katundu imachedwa pachipata, nthawi zina mpaka kugona pamzere. N'chifukwa chake pafupifupi chilichonse cha m'nyanja yamchere chimene mumadya muno chimafika chili choumitsidwa m'firiji. Komanso si zonse zimachokera ku Mozambique monga mmene anthu amaganizira. Hake ndi makerele zimachokera ku Namibia ndi ku South Africa, katundu wambiri amalowera ku Beitbridge, chipata cha malire ndi South Africa, ndipo ma prawns ena ndi oweta m'maiwe a ku Asia. Ma prawns enieni a ku Mozambique amagwidwa kwambiri kugombe la Sofala, ndipo kumeneko boma limatseka usodzi wake kwa miyezi ingapo m'nyengo ya mvula kuti aswane. Munthu akakuuzani mu Januwale kuti ma prawns ake avuulidwa dzulo ku Beira, mufunseni kawiri.

NaBanda_wa_Nkhotakota
Ine ndinakulira m'mphepete mwa nyanja, ndipo sindikuona chifukwa choperekera ndalama zambiri pa nsomba imene inafa miyezi yapitayo.

Mphika_Wakale
Mayi NaBanda, ndikupempha kuti nditsutsane nanu pang'ono, pakuti ndinagwira ntchito kukhitchini ya malo odyera ena a m'tauni muno kwa nthawi yaitali. Kuumitsa nsomba m'firiji si tchimo. Ma prawns abwino amaumitsidwa m'sitima momwemo akangovuulidwa, ndipo akasungidwa pa madigiri 18 pansi pa ziro osasokonezedwa, amakhala abwino kuposa nsomba yaiwisi imene yakhala padzuwa theka la tsiku. Vuto lathu muno ndi magetsi. Akazima kwa maola ambiri ndipo mwini malo n'kumaumira mafuta a jenereta, katundu amasungunuka pang'ono, kenako amaumanso magetsi akayaka. Zikachitika kangapo, mnofu umafewa, umatulutsa madzi ambiri pamoto, ndipo ma prawns amayamba kuda kumutu ndi m'miyendo.

Ife ophika tinkadziwa katundu wotere tikangotsegula thumba, chifukwa mkati mumakhala tizibuma ta madzi oundana ndipo ma prawns amakhala atamatirana chimulu chimodzi m'malo mokhala payekhapayekha. Wodya sangaone thumbalo, koma ali ndi mphuno ndi lilime. Batala wambiri, adyo ndi mandimu zimabisa zambiri, choncho ngati mukufuna kuyesa malo atsopano, itanitsani nsomba yowotcha ndi mchere wokha ndipo msuzi aubweretse pambali. Malo amene amasamala katundu wawo savutika ndi pempho limeneli.

Chemwali_wa_Avondale
Ndikuthokoza bambo Mphika_Wakale chifukwa cholankhula mwachilungamo. Ine ndili kumbali ya achinyamata ndipo sindichita nazo manyazi. Munthu akapita kumalo odyera salipira nsomba yokha ayi. Amalipiranso madzi otuluka pampopi, chimbudzi chaukhondo, malo oimika galimoto, ndi risiti yomwe angabwerere nayo ngati china chalakwika. Tisaiwale kuti kolera inavuta mumzinda muno mu 2008, inabweranso mu 2018 ku Glen View ndi ku Budiriro, ndiponso mu 2023 ku Kuwadzana ndi madera ena. Kutenga anthu okalamba n'kupita nawo pamalo pomwe mbale zonse zikutsukidwa m'beseni limodzi la madzi amene sakusinthidwa, ine sindingakutche ulemu. Komanso makolo athu anagwira ntchito m'makhitchini ndi m'minda ya maluwa ya ku Borrowdale ndi ku Highlands moyo wawo wonse, akulowera khomo la kuseri. N'chifukwa chiyani lero asalowere khomo lakumaso, n'kukhala pansi, wina n'kuwaperekera chakudya?

NaBanda_wa_Nkhotakota
Mwanangu, mfundo yako ya khomo lakumaso yandikhudza, ndipo sindingaitsutse. Koma ndikufotokozere zimene ndinaona mdzukulu wanga atanditengera kumalo ena otere. Anandibweretsera kachidutswa koyera ka nsomba, kopanda mutu, kopanda khungu, kopanda minga, katagonekedwa pa mpunga wochepa ndi kagawo ka ndimu pambali. Ndinafunsa kuti mutu uli kuti, ndipo mnyamata woperekera zakudya anandiyankha mwaulemu kuti nsombayo imabwera choncho m'katoni. Kwathu mlendo wolemekezeka amapatsidwa mutu wa chambo, ndipo munthu wodziwa kudya amauphwanya pang'onopang'ono ndi zala, kutsopa zonse za m'kati mpaka pambale patsale tizigoba toyera tokhatokha. Nsomba yathunthu imadzichitiranso umboni yokha. Ukaiona isanaphikidwe, maso ake amakhala owala ndi otukuka, makha ake ofiira, mamba ogwira zolimba, ndipo ukadina ndi chala mnofu umabwerera m'malo. Kachidutswa ka m'katoni sikangakuuze chilichonse. Chinanso n'chakuti pamalopo panalibe nsima, ndipo nditabwerera kunyumba ndinateleka mphika usiku womwewo.

Kambuzi_Wowawa
Amayi anena zoona pa nkhani ya nsima, koma malo amenewo sanalonjeze munthu aliyense nsima, ndipo menyu yawo imakhala poyera pa intaneti munthu asanapiteko.

Namwino_wa_Highfield
Ndikuona kuti ambiri mukuganiza kuti bream ya m'dera mwathu ndi yabwino chifukwa chakuti ndi yaiwisi, choncho ndiloleni ndichenjeze. Funso loyamba kwa aliyense wokazinga nsomba muno likhale lakuti yachokera m'madzi ati. Nyanja ya Chivero, imene inamangidwa mu 1952 ndipo ndi imene imamwetsa mzinda uno, imalandira zonyansa za m'masuweji kudzera m'mitsinje monga Mukuvisi ndi Marimba. Mu Disembala 2024 nsomba zambiri zinafa m'nyanjayi, nyama za m'paki ya m'mbali mwa nyanjayi kuphatikizapo zipembere zinayi zinafanso zitamwa madziwo, ndipo a ZimParks, bungwe la boma loyang'anira nyama zakutchire, analetsa usodzi pamenepo. Chifukwa chake chinali ndere zobiriwira zapoizoni zimene zimaswana m'madzi odzaza ndi zonyansa. Moto wa pachiwaya umapha tizilombo toyambitsa matenda, koma poizoni wa mtundu umenewu sathera pamoto.

Nsomba za m'nyanja yamchere nazonso zili ndi zake. Makerele ikakhala pamalo otentha kwa nthawi yaitali imapanga poizoni amene amayambitsa kuyabwa, kufiira kwa nkhope, mutu ndi kutsegula m'mimba munthu akangodya, ndipo kuphika sikumuchotsa. Palinso anthu amene matupi awo sagwirizana ndi ma prawns kapena nkhanu, ndipo munthu wokalamba amene sanadyepo zinthu zimenezi sangadziwe. Akayamba kutupa milomo kapena kubanika, muthamangire naye kuchipatala nthawi yomweyo.

WaKuMabvuku
Amayi anamwino, mwatitsegula maso. Ndafunsa mayi wa kwathu uja, ndipo akuti bream yake amaigula m'sitolo yogulitsa nsomba zoweta za ku Kariba, ndipo andionetsa makatoni ake. Kodi nsomba yowetayo ndi yofanana ndi chambo cha kwathu ku Malawi, kapena tikungodzinamiza?

Mphunzitsi_Wopuma
Bambo a ku Mabvuku, ndi zapachibale koma si nsomba imodzi. Bream yoweta ya ku Kariba ndi tilapia ya mtundu wa ku Nile, imene kampani ya Lake Harvest yakhala ikuweta m'zikwere zoyandama panyanjapo kuyambira cha m'ma 1997. Chambo ndi mitundu ina ya banja lomwelo imene kwawo ndi nyanja ya Malawi ndi Malombe, ndipo chimadya tizomera ta m'madzi akuya ndi oyera, pomwe yowetayo imadya chakudya chopangidwa kufakitale. N'chifukwa chake ena amati yoweta ili ndi mafuta ambiri ndipo kukoma kwake n'kozizira. Komabe tisamanyoze, pakuti chambo chenichenicho chachepa kwambiri ngakhale ku Mangochi, moti boma la Malawi limatseka usodzi wake kuyambira pa 1 Novembala chaka chilichonse, ndipo china mwa chimene chimagulitsidwa ku Blantyre ndi ku Lilongwe n'choweta ndithu. Kariba ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 365 kuchokera muno, ulendo wa tsiku limodzi popanda chipata cha dziko lina, choncho mwa nsomba zonse zimene tikukambirana, kupatula za ku Chivero zija, imeneyi ndi imene ili ndi njira yaifupi komanso yodziwika.

Dalaivala_wa_Beira
Aphunzitsi aiwala trout ya ku Nyanga, imene imawetedwa m'madzi ozizira a kumapiri a kum'mawa. Nayonso siwoloka malire, ndipo malo ena odyera a kumpoto kwa mzinda amakhala nayo.

NaBanda_wa_Nkhotakota
Trout ndinailawapo ndipo ndi yofewa bwino, koma sigwirizana ndi nsima. Ngati tikunena za ndiwo zenizeni, ine ndingasankhe usipa wofutsa ndi tomato ndi anyezi, umene amayi ena amabwera nawo pabasi za ku Blantyre zodzera ku Mwanza, Tete ndi Nyamapanda. Kapenta wa kuno amamuthira mchere wambiri pomuyanika, moti usanaphike uyenera kumuviika m'madzi ofunda, apo ayi ndiwo zonse zimawawa mchere.

Mphunzitsi_Wopuma
Mayi NaBanda, kapenta ameneyo ndi mlendo ngati ife tomwe. Damu la Kariba litatha kumangidwa mu 1959, pakati pa nyanja yatsopanoyo panalibe nsomba yodya tizilombo ta m'madzi akuya, ndipo mu 1967 ndi 1968 anakatenga kapenta ku nyanja ya Tanganyika n'kudzamuthira mmenemo. Anaswana, ndipo ena anatsika ndi Zambezi mpaka ku Cahora Bassa. Amagwidwa usiku ndi nyali monga mmene asodzi a kwanu amakopera usipa. Ndatchula zimenezi chifukwa ndaona kuti malo ena apamwamba ayamba kukazinga kapenta n'kumuika m'kambale kakang'ono ngati chotsegulira chakudya, pa mtengo umene ku Mbare Musika ungagule wodyetsa banja lonse.

Kambuzi_Wowawa
Ngati anthu akulipira mwakufuna kwawo, palibe amene waberedwa. Wophikayo ali ndi lendi ya ku Borrowdale yoti alipire, ndipo wa ku Mbare alibe.

Msungichuma_Glen_Norah
Popeza nkhani yafika pa ndalama, ndilankhuleko monga munthu amene amasunga thumba la bungwe ngati lanulo. Ndalama za bungwe la maliro ndi za anthu amene amasonkha movutikira, ndipo tsiku la msonkhano mudzafunsidwa senti iliyonse. Pamalo a m'dera mwathu mbale ya nsima ndi ndiwo imayambira pa dola imodzi kapena ziwiri, ndipo nsomba yathunthu imakwererapo malinga ndi kukula kwake, koma mtengo mumagwirizana musanadye ndipo suonjezekera. Kumalo apamwamba mtengo wa pamenyu ndi poyambira chabe. Zakumwa n'zodula, madzi a m'botolo amawerengedwa, ndipo malo ena amaonjezera ndalama ya operekera zakudya gulu likakhala lalikulu. Ine zinandichitikirapo pamalo ena kuti bilu inabwera yoposa imene tinawerengera, chifukwa mbale yaikulu yosakaniza imene anati ndi ya anthu anayi inakwanira awiri okha, ndipo tinachita kuitanitsa ina.

Ngati mwasankha kupita kumeneko, pitani awiri pasadakhale, mukapemphe kuti akulembereni papepala chakudya chimene adzapereke, mtengo wa munthu mmodzi, ndiponso ngati msonkho ndi ndalama ya operekera zili momwemo. Mufunsenso ngati amalandira ZiG, ndalama ya dziko lino, kapena EcoCash, yolipira pafoni, komanso mmene akusinthira tsikulo, chifukwa chiyambire ZiG mu Epulo 2024 nkhani ya kasinthidwe yakhala ikukanganitsa anthu pakauntala. Mukalipira ndi madola, tengani ang'onoang'ono, pakuti chenji ndi vuto paliponse, ku Borrowdale ngakhale ku Machipisa.

MkuluWaMpingo_Mufakose
Ana anga, ndawerenga zonse ndipo pali chinthu chimodzi chimene simunachiganizire, chomwe ndi anthu amene mukufuna kuwalemekezawo. M'mabungwe athu muli a CCAP, a Katolika, a Seventh Day ndi abale athu achisilamu. A Seventh Day sadya za m'madzi zopanda mamba ndi zipsepse monga mwa Levitiko 11, kutanthauza kuti ma prawns, kalamari, nkhanu ngakhale mlamba sangazikhudze, ndipo ena sangadye nsomba imene yakazingidwa m'mafuta amodzi ndi zinthu zimenezo. Abale achisilamu adzafuna kudziwa ngati msuzi wathiridwa vinyo, ndipo ena samasuka pamalo pomwe mowa uli patebulo lililonse. Komanso pamwambo wotere pamakhala pemphero, mawu a wapampando, ndi nyimbo imodzi kapena ziwiri. Kodi mudzaimba bwanji pamalo pomwe wailesi ikulira ndipo matebulo ena ali ndi alendo awo? Munthu wokalamba akalephera kugwira mpeni ndi foloko pamaso pa adzukulu ake amadya pang'ono n'kunena kuti wakhuta, ndipo inu mudzaganiza kuti wasangalala.

Chemwali_wa_Avondale
Agogo, ndamva ndipo ndikulemekeza mawu anu. Komabe ndikupempha kuti tisawaganizire okalamba athu ngati anthu oopa zatsopano. Agogo anga aakazi, amene anabadwira kumigodi, ndinapita nawo kumalo otere ndipo anasenda ma prawns ndi manja, napempha mbale ya madzi osamba m'manja, ndipo anawabweretsera popanda kudabwa. Malo ambiri a nsomba amayembekezera kuti munthu adya ndi manja. Bwanji osawafunsa eni akewo chimene akufuna, m'malo mowasankhira?

MkuluWaMpingo_Mufakose
Ukawafunsa pagulu adzayankha kuti chilichonse n'chabwino, chifukwa safuna kulemetsa thumba. Uwafunse mmodzimmodzi kunyumba kwawo, ndipo utume munthu amene amamasuka naye.

Mphika_Wakale
Ndibwerere ku funso la ukhondo limene achemwali a ku Avondale anadzutsa, chifukwa silinayankhidwe mokwanira. Kukongola kwa chipinda chodyera sikunena kanthu za khitchini. Ndinaonapo khitchini ya malo odula momwe thabwa limodzi linkadulirapo nkhuku yaiwisi ndi saladi, ndipo ndinaonaponso mayi wa pamsika amene mapoto ake amawala ndipo madzi osamba m'manja amathirira mlendo aliyense kuchokera m'jagi, ndi sopo pambali. Ubwino wa malo ang'onoang'ono ndi wakuti zonse zili poyera. Mukhoza kuima pafupi ndi chiwaya n'kuona ngati mafuta ada, ngati nsomba ikuchokera m'bokosi la madzi oundana kapena m'beseni lovundikira ndi nyuzipepala, ndiponso ngati wogwira ndalama ndi yemweyo akugwira chakudya. Khonsolo ya mzinda imafuna kuti malo ogulitsa chakudya akhale ndi chiphaso ndipo ophika ayezedwe kuchipatala, choncho si mwano kufunsa mapepala amenewa kulikonse kumene mwapita, kwa mayi wa ku Mabvuku ngakhale kwa bwana wa ku Borrowdale.

Namwino_wa_Highfield
Ndikuvomereza, ndipo ndionjezere kuti pamalo ang'onoang'ono choopsa kwambiri nthawi zambiri si nsomba yotentha yochoka pamoto, koma saladi ya kabichi ndi tomato wosaphika, madzi akumwa a m'chigubu, ndi nsima kapena mpunga wotsala umene wafunditsidwanso. Mupemphe masamba ophika monga repu kapena covo m'malo mwa saladi, ndipo madzi akumwa mubwere nawo anu.

Kambuzi_Wowawa
Mwayamba kukonza phwando la ku Mabvuku ngati kuti nkhani yatha, chonsecho achinyamata amene amasonkha nawo m'bungwemo sanagonje.

Dalaivala_wa_Beira
Achimwene a Kambuzi, pali njira yoti achinyamatawo asaluze. Ma prawns oumitsidwa amagulitsidwa m'masitolo akuluakulu ndi m'mabutchala ena muno, m'makatoni olembedwa dziko limene achokera, kukula kwake ndi tsiku limene anapakidwa. Bungwe likhoza kugula makatoni angapo n'kupempha munthu wodziwa kuti akawawotche pamakala komweko, pambali pa bream ndi nsima, kuti wofuna alawe ndipo wosafuna asakakamizidwe. Posankha katoni muigwedeze, ndipo ngati zam'kati zikugubuduka payokhapayokha ndiye kuti sinasungunukepo panjira. Muyang'anenso kulemera kolembedwa popanda madzi oundana, chifukwa ma prawns amakutidwa ndi madzi powaumitsa ndipo akasungunuka amapepuka.

Mphika_Wakale
Maganizo amenewo ndi abwino, koma ndichenjeze wowotchayo. Awasungunule m'firiji usiku wonse kapena m'madzi ozizira ali m'thumba lotseka, osati padzuwa kapena m'madzi otentha. Awang'ambe kumsana n'kuchotsa kamtsempha kakuda kaja, awapake mafuta, adyo, mandimu ndi tsabola pang'ono, ndipo pamakala asapitirire mphindi ziwiri kapena zitatu mbali iliyonse, chifukwa akapsa kwambiri amalimba ngati labala. Chifukwa cha abale a Seventh Day amene akulu a mpingo atchula, waya wowotchera ma prawns ukhale wosiyana ndi wa bream, ndipo mbale zake zikhalenso zosiyana.

Chemwali_wa_Avondale
Zimenezo zithetsa nkhani ya kulawa, koma sizikuyankha zimene ndinanena zoti makolo athu akhale pansi pamalo abwino n'kutumikiridwa. Pa phwando la kumudzi amayi omwewo amene tikuti tikuwathokoza mudzawapeza ali kuseri akutsuka mbale, chifukwa sangathe kukhala pansi akuona ntchito. Ngati mwasankha ku Mabvuku, bungwe lilembe achinyamata mayina, ndani adzathirira madzi, ndani adzaperekera, ndani adzatsuka, ndipo ine mundilembe pa otsuka.

NaBanda_wa_Nkhotakota
Ukabwera, mwanangu, udzafike m'mawa nsomba zisanapalidwe, kuti tidzaone limodzi maso ndi makha ake tisanalole kuti ziikidwe pamoto. Ndipo bambo a ku Mabvuku muwauziretu mayi ophikawo kuti mitu asadule.